Dokotala Anati Osakweza Mikono

Lolemba

Masiku khumi ndi awiri chichitireni opaleshoni. Ndikulemba chigongono chili pamtsamiro, zilembo zikungopendama ngati za mwana wa Sitandade 1. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukalipira ana a eni za kulemba mokhota, lero ndi ine.

Akudziwa ndi atatu basi: ine, Thoko mwana wanga wa ku Lilongwe, ndi bambo ake. Ena onse ndinawauza kuti ndikukacheza kwa Thoko. Si bodza kwenikweni. Ndinachezadi, kungoti mkati mwa kuchezamo anandigoneka n'kundidula khungu la kumikono konse kuwiri, kuyambira m'khwapa mpaka pafupi ndi chigongono.

Ndilembe chifukwa chake, mwina ndikadzawerenga ndidzadzikhululukira. Atandipeza ndi shuga ndinasiya zokoma zonse, thupi n'kutsika. Thupi linapita, khungu linatsala. Ndikamayimbitsa kwaya, dzanja likaima khungu limapitiriza lokha. Pa ukwati wina chaka chatha munthu anajambula pafoni, kanemayo n'kuzungulira parishi yonse. Ndinamuonera kamodzi kokha, sindinadye tsiku limenelo. Atsikana a sopulano amanditcha "Mayi Mbendera". Amayesa sindidziwa. Ndimadziwa!

Lamulungu likudzali ndi Misa yoyamba ya Bambo Petulo, wansembe watsopano, mwana wa pompano. Ndinamuphunzitsa Sitandade 3 akubwera kusukulu wopanda nsapato, mapazi atang'ambika ndi chisanu. Anachita kundiyimbira foni yekha: "Aphunzitsi, kwaya muyimbitse ndinu, osati wina." Ndinavomera ndisanapume n'komwe.

Yunifomu yatsopano ndinasankha ndine. Bulauzi ya manja aafupi. Aafupi! Mwezi wa Juni, ku Bembeke kuno! Amayi anadandaula za kuzizira, ine ndinati tikayamba kuyimba titenthedwa.

Zimene ananena dokotala:
1. Osakweza mikono kupitirira mapewa, masabata asanu ndi limodzi.
2. Osanyamula cholemera kuposa ketulo.
3. Mabandeji othina aja osavula, kupatula posamba.
4. Pogona, mikono pamitsamiro.
5. Pakafiira, pakatentha kapena kutuluka madzi, kuchipatala msanga.

Zimene ndakonza ine:
1. Kuyimbitsa ndi zala zokha, zigongono zili m'nthiti.
2. Juzi yaikulu mpaka Loweruka. Ndi kuzizira kunoku palibe angafunse.
3. Lamulungu kuvula mabandeji maola awiri okha. Madokotala amawonjezera dala masiku, tonse tikudziwa.
4. ANangozo asadziwe. Ndi wachiwiri wanga kukwaya, ndipo akhala akudikira kuti ndidwale kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Zitheka.

Lachiwiri

Zala zatupa. Zonse khumi, ngati chinangwa chophika. Mphete yaukwati yakana kutuluka, sopo walephera, mafuta ophikira alephera. Pamwamba pa chigongono chakumanja pali dzanzi, ndikatsina sindikumva kanthu. Kodi n'choncho? Dokotala ananenadi za dzanzi, koma sananene kuti lidzatha liti. Nanga likapanda kutha?

Tsitsi sindingapese. Duku sindingamange. Andimanga ndi bambo a Thoko, ndipo amanga ngati akumanga thumba la mbatata. Akuti, "Zakhala bwino kwambiri." Ndayang'ana pagalasi. Sizinakhale bwino.

Madzulo, kukonzekera nyimbo kutchalitchi. Ndinaiwala chinthu chimodzi chachikulu: munthu wochokera kuulendo amapatsidwa moni wa padzanja ndi aliyense. Aliyense! "Mwayenda bwanji, Mayi? Ku Lilongwe mwasiyako bwanji?" Kwaya yonse pamzere. A Banda a besi moni wawo amachita ngati akupopa mjigo. Ndamwetulira, misozi ili lengelenge. Iwo ati, "Taonani Mayi anatisowa, mpaka akulira."

Kenaka kuyimbitsa kwa zala kuja. A sopulano atsatira, a alito atsatira. A besi kumbuyo zii. Tayambiranso. Alowa mochedwa. Tayambiranso kachitatu, alowa msanga ngati akuthawa mvula.

A Banda: "Mayi, kwezani manja, kunotu sitikuona."

Ine: "Ndi nyamakazi, chisanu chandilowa m'mapewa."

ANangozo angondiyang'ana kuyambira paduku mpaka pajuzi, n'kubwereranso paduku. Maso amenewo ndikuwadziwa. Andiperekeza mpaka panjira n'kunena kuti, "Mukafuna kupuma, ine ndilipo." Ndikudziwa kuti alipo. Akhala alipo zaka khumi ndi chimodzi.

Masiku otsala: asanu. Mikono ikugunda ngati muli mtima wina.

Lachitatu

Mayo ine! Ndilembe mwadongosolo, apo ayi ndilira.

Mmawa, bambo a Thoko apita kudimba. Ndili ndekha, ndakhala padzuwa, mikono pamitsamiro ngati mfumukazi. Ndikumva "Odi, odi kuno!" Ndikuponya mitsamiro m'nyumba, ndikutuluka. Alamu anga a ku Linthipe, alongo awo aakulu a bambo a Thoko. Adzera Misa ya Lamulungu, ndipo abwera lero kuti "athandize". Pamutu dengu lalikulu la mbatata ya kachewere, pamwamba pake kabichi awiri. Atsika nalo minibasi kumsewu n'kuyenda nalo mtunda wonse uja.

Aima pakhomo. Akundiyang'ana. Ine ndikuwayang'ana.

Mlendo akafika ndi katundu pamutu, mwini khomo amathamanga kukamulandira. Mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezi. Nanga ine, mkazi wa mlongo wawo, mphunzitsi wopuma, ndiime manja lende ngati sindinaleredwe? Nkhaniyo ikanafika ku Linthipe dzuwa lisanalowe, ndipo akanaikamba pa maliro anga.

Ndaganiza za dokotala. Ndaganiza za alamu. Dokotala ali ku Lilongwe, alamu ali pakhomo.

Ndakweza mikono yonse iwiri. Mpaka pamwamba. Ndagwira dengu, talitsitsa. Lisanafike pansi ndamva kenakake m'khwapa lakumanzere kakuti "thi", kakang'onong'ono, ngati batani lathothoka pamalaya. Kenaka kutentha.

Alamu: "Mwaondatu mlamu. Kwa Thoko samaphika?"

Ndaseka. Ndawapatsa mpando, ndagwada, ndawapatsa moni, ndafunsa za ana onse mmodzimmodzi, za mbuzi, za denga lija linasasuka. Zonsezi dzanja lamanzere ndalipana m'nthiti ngati ndabisa nkhuku yakuba.

Zina zimene zawonongeka lero:
- Mitsamiro tili nayo itatu. Mlendo wapatsidwa wabwino uja.
- Duku tsopano tizimangira kuchipinda, chitseko chotseka, monong'ona.
- Alamu akudabwa kuti bambo a Thoko ndi amene akutunga madzi. Angoti, "Hmm."

Sindinayang'ane m'khwapamo. Ndikapanda kuyang'ana, mwina mulibe kanthu.

Lachinayi

Muli kanthu.

Bandeji yanyowa. Si magazi, ndi timadzi tachikasu, tafika mpaka pamalaya amkati. Chapakati pa mkono patupa chinthu ngati dzira, ndikachikhudza chikugwedezeka. Dzulo panalibe! Chachokera kuti? Chikukula? Ndachizunguliza ndi cholembera kuti ndione ngati chidutse mzere.

Vuto lina: kuti munthu aone m'khwapa mwake ayenera kukweza mkono. Kukweza mkono n'koletsedwa. Ndiye ndione bwanji? Ndayesa galasi laling'ono, ndaona chibwano changa chokha. Ndaitana bambo a Thoko. Agwada, awunika ndi foni. Kenaka ati, "Eee." Ndafunsa kuti eee chiyani. Ati, "Ayi, palibe vuto kwenikweni." Atuluka panja, akhala pa njerwa, agwira mutu.

Ndafufuza pafoni. Kulakwa kwakukulu! Zithunzi zake, Ambuye! Ndatseka. Ndatsegulanso. Malinga ndi foniyi, mwina ndi timadzi wamba timene timasonkhana pansi pa bala, mwina ndiduka mkono. Pakati palibe.

Thoko pafoni: "Amayi, mwanyamula chiyani? Dengu? Amayi! Pitani kuchipatala lero lomwe."

Kunena n'kosavuta. Pachipatala chathu chaching'onochi namwino wake ndi a Flora, amene amayimba alito, mzere woyamba, patsogolo panga penipeni. Iwo si a mkamwa, ayi. Koma benchi ya panja ija ili ndi maso. Ukangokhalapo, pofika kunyumba anthu adziwa kale matenda ako ndi mankhwala ake. Kupita ku Boma? Minibasi yake anthu anayi pampando wa atatu, chigongono cha wina m'khwapa mwangamu. Iyayi.

Ndiona mawa. Mwina kuuma kokha.

Kukwaya ndatumiza uthenga kuti ndili ndi chimfine. Nyumba yathu ili pafupi ndi tchalitchi, ndiye zonse ndikumva ndili pakhonde. ANangozo akuyimbitsa. Ndatchera khutu kudikira a besi asokoneze. Sanasokoneze. Alowa pamalo pake, nthawi yoyamba yomweyo, bwinobwino.

Izi zandiwawa kuposa khwapa. Ndikuvomera.

Dzira lija ladutsa mzere.

Lachisanu

Ndadzuka ndikunjenjemera, osati ndi chisanu cha panja. Thupi moto. M'mbali mwa bala mwafiira, ndipo pali kafungo kamene sindikufuna kukalemba.

Ndiye alamu apeza bandeji. Ndinaichapa n'kuiyanika kuseri kwa bafa, pansi pa chitenje. Munthu wobwera kudzathandiza amaona paliponse. Sanabwere kwa ine. Apita kwa mlongo wawo, bandeji ili m'manja, mawu ali pamwamba:

"Iwe, wamutani mkaziyu? Masiku atatu ndikuona! Mkono sakutambasula, madzi ukutunga ndiwe, mukudzitsekera m'chipinda. Wayamba kumenya ukalamba uno? Bambo athu sanamenyepo munthu!"

Bambo a Thoko, munthu amene ngakhale nkhuku amapempha wina kuti amuphere, angoti kakasi. Anandilonjeza kuti saulula, ndipo sanaulule. Aima pomwepo akulandira. Ndaona kuti munthu afera mlandu wanga.

Ndavula juzi. Ndafotokoza zonse: shuga, kanema, Mbendera, Lilongwe.

Alamu akhala pansi. Funso loyamba: "Munadulitsa khungu labwinobwino, losadwala?" Funso lachiwiri: "Nanga analiika kuti? Munaona pamene analitaya?" Sindinaganizepo zimenezo. Tsopano ndikuganiza.

Funso lachitatu, mwapansipansi: "Ndiye dengu lija munalandiriranji?"

Ndati, "Ndikanapanda kulandira mukanati chiyani?"

Aganiza pang'ono. "Ndikananena, inde." Kenaka andifunditsa chitenje chawo n'kunditengera kuchipatala ngati mwana wa sikelo.

Benchi inali yodzaza. Inde. Ena a mphakati wathu analipo atatu.

A Flora amasula bandeji. Manja awo ozizira, koma ofatsa. Zimene apeza:
- Ulusi wamasuka m'khwapa, bala latseguka kukula ngati chala chachikulu.
- Layamba kuchita mafinya.
- Dzira lija ndi timadzi. Akoka ndi jekeseni, ine ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. Akuti tikhoza kubweranso.
- Sasokanso. Lipole lokha kuyambira mkati. Kutsuka tsiku lililonse, mapiritsi osadumphitsa.
- Ayimbirana ndi dokotala wa ku Lilongwe uja. Ndinamva akunena mawu oti "dengu".

Mkono suduka. Ndafunsa kawiri.

Ndiye ndafunsa za Lamulungu. Ndati zala zokha, zigongono m'nthiti, ndikulumbira. A Flora atseka botolo, andiyang'ana.

"Mayi, ndaima patsogolo panu zaka zisanu ndi zitatu. Nyimbo ikakoma mumaiwala kuti muli ndi thupi. Mukakweza dzanja ili Lamulungu, Lolemba mukagona ku Boma."

Ndinafuna kutsutsa. Koma n'zoona. Pa nyimbo yothokoza ija ndimachita kudumpha.

Loweruka

Parishi yonse yadziwa. Si a Flora. Si benchi. Ndi alamu. Anapita kumjigo mmamawa n'kuuza amayi "kuti akupempherereni". Akuti matenda obisa sapola.

Chiyambire mmawa khomo silinatsekedwe. Zimene ndamva kuti zandichitikira:
1. Ndili ndi khansa.
2. Ndinachita ngozi ya minibasi pa Linthipe.
3. Anandichotsa shuga yense kudzera m'khwapa.
4. Anandiika mikono ya pulasitiki. (Mwana wina wa aneba anabwera kudzaigogoda.)

Zimene andibweretsera kuti ndipake pabala: uchi, mafuta a nsatsi, alovera, phulusa la chisononkho, ndi mankhwala ena a m'botolo lopanda dzina amene anachiritsa ng'ombe ya a Banda. Ndathokoza zonse. Zonse zili pawindo. A Flora anati chilichonse chikakhudza balalo adzanditsuka ndi burashi.

Chodabwitsa: palibe wandipatsa moni wa padzanja. Akumaima patali, kuwomba m'manja, "Pepani, Mayi, pepani." Madzi atungidwa, pabwalo pasesedwa, nkhuni zawazidwa. Ndikanangonena Lolemba lija kuti ndadwala, dengu lija akanalandira wina. Ndikulemba chiganizo chimenechi ndipo ndikufuna kudzimenya, koma mkono sufika.

Atsikana awiri a sopulano abwera ndi mazira. Sanathe kundiyang'ana kumaso. Mmodzi wati, "Ifetu tinkangocheza, Mayi." Ndati ndikudziwa. Sindikudziwa ngati ndikudziwa.

Ndayesa bulauzi yatsopano ija. Siikulowa pamwamba pa mabandeji. Ndaipinda.

Masana, aNangozo. Ndinakonzeka kuona chimwemwe pankhope pawo. Akhala pamphasa, afunsa za bala, kenaka atulutsa kapepala. "Mayi, nyimbo yothokoza ija ndikuopa. Ansembe adzakhala ambiri, anthu a maparishi ena. Ine zazikulu chonchi sindinayimbitsepo." Zaka khumi ndi chimodzi ndimayesa akufuna mpando wanga, kani munthu ali ndi mantha ngati ine ndemwe. Kapena akufuna mpandowo ndipo ali ndi mantha, zonse ziwiri. Ndawapatsa buku langa la nyimbo, lija la zizindikiro za pensulo. Sindinalibwerekepo munthu chiyambire.

Chovuta chinatsala chimodzi. Ndayimbira Bambo Petulo. Ndinakonza mawu abwino, koma nditangomva "Aphunzitsi" zonse zabalalika. Ndati ndalephera, mwana wanga, ndalephera chifukwa cha uchitsiru. Iye wati, "Ndamva kale. Mwa zinayi zija sindikudziwa yoona ndi iti, koma mubwere mudzakhale kutsogolo kuti ndizikuonani."

Ndalira. Kupukuta misozi kwake kochita kuweramitsa mutu kuti ufike padzanja.

Lamulungu

Chifunga mpaka pakhomo la tchalitchi. Ndavala jekete la bambo a Thoko chongofunda pamapewa. Benchi yoyamba, mtsamiro pamiyendo. Kumanzere alamu, akuti ndi alonda a mkono.

Kwaya yalowa. Manja aafupi. Amayi makumi awiri milomo ili gwagwagwa, khungu lachita tsembwe, ndipo aliyense podutsa akundiyang'ana ine ndi jekete langa. Ndayang'ana pansi.

Ayimba bwino. Ndilembe zoona: ayimba bwino kwambiri. ANangozo anayamba mwamantha, koma pofika pa nyimbo yothokoza anaiwala zonse, mikono m'mwamba. Ndipo ndaona chinthu chimene sindinachionepo, chifukwa nthawi zonse amakhala kumbuyo kwanga: nawonso khungu lawo la kumikono limalendewera. Limagwedezeka kuposa langa lija! Tchalitchi chodzaza, anthu mpaka m'mawindo, palibe ndi mmodzi yemwe waseka. Anthu akungovina.

Dzanja langa linayamba kunyamuka lokha. Alamu aligwira n'kulibwezera pamtsamiro osandiyang'ana n'komwe. Kanayi.

Pomaliza Bambo Petulo anatsika kudzadalitsa anthu. Anayamba ndi mayi ake, kenaka ine. Manja onse awiri pamutu panga, pa duku lomangidwa ngati thumba la mbatata lija. Kamwana kopanda nsapato kaja. Sindinayimbitse, koma ndinalipo, ndipo anandiona.

Panja, a Banda a besi abwera, chipewa m'manja. Anatambasula dzanja, alamu n'kuwayang'ana, iwo n'kulibweza m'thumba.

"Muchire msanga, Mayi. Koma mukadzabwerera tidzavutikatu ife akumbuyo."

Ndafunsa chifukwa chake.

"Zala zanu kumbuyo kuja sitinazionepo chiyambire, atsikana aja ndi ataliatali. Ife tinkayang'ana mikonoyo. Dzanja likatsika, khungu lija likagwedezeka kachiwiri, ndiye polowera besi pamenepo. Zaka zonsezi sitinaphonyepo. Lachiwiri lija tinasowa poyambira." Aima pang'ono, kenaka mondilimbitsa mtima: "Komabe musadandaule. Mwamwayi aNangozo ali nalo."

Ananena mwaulemu wonse. Sankaseka.

Ndafika kunyumba, ndakhala pakhonde. Ndinapita mpaka ku Lilongwe, ndinagonekedwa, ndasokedwa mikono yonse iwiri, ndanama kwa parishi yathunthu, kuti ndikachotse chinthu chimene a besi ankayimbira.

Bulauzi ija ndawapatsa alamu, yawakwana. Anyamuka mawa, ndipo akuti dengu lawo adzasenza okha.

Dzira labwereranso pang'ono. Dzanzi likadalipo. Mawa 8 koloko kukatsukitsa bala, pabenchi pompaja, ndi anthu onse. Bambo a Thoko adzuke msanga, andimange duku.